Khadi, Nsalu ndi Chithunzi: Ndale ndi Chinansi m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi idamangidwa mothithikana. Munthu akaima pa khonde la nyumba yake amaona khomo la mnzake, amamva kugunda kwa mtondo wa mnzake, ndipo amadziwa ndi fungo lomwe ndiwo zimene zili pa moto kuseri kwa mpanda. Kale, machesi asadachuluke, mayi amene moto wamzimira ankatuma mwana ndi phale kukapala wina kwa mnansi. M'mudzi wotere, chinthu chopachikidwa pa khoma kapena choyanikidwa pa chingwe sichikhala cha mwini nyumba yekha ayi, pakuti mudzi wonse umachiona ndi kuchimasulira. Nkhani ino ikulondola zinthu zitatu zazing'ono zimene ndale zidalowetsa m'nyumba za kumeneko, ndizo khadi, nsalu ndi chithunzi, pamodzi ndi zimene zidachitika chifukwa cha zinthuzi pakati pa anthu akumwa chitsime chimodzi.

Kusiyana maganizo sikudabwere ndi zipani. M'chaka cha 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed adakhazikitsa mishoni ku Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, ndipo m'chaka cha 1894 Robert Blake adayamba ina ku Kongwe, kwa Msakambewa. Kuyambira pamenepo m'banja limodzi munkapezeka wina wolowa kalasi ndi wina wa ku dambwe. Mpingo unkaletsa anthu ake gule wamkulu, nawonso eni mzinda sankakondwa kuona sukulu ikuwalanda anyamata, ndipo mikangano idalipo ndithu. Koma m'kupita kwa zaka midzi idapeza njira yokhalira. Pa maliro mwambo unkatsata mbali ya womwalirayo: Mkhristu ankaperekezedwa ndi nyimbo, wa ku mzinda ndi ng'oma. A mbali inayo, ngakhale ankakhala chapatali, ufa ndi nkhuni ankabweretsa, ndipo adzukulu ankakumba manda. Maliro, chitsime, dima ndi bwalo la mfumu zidali za onse, ndipo munthu sankamanidwa zimenezi chifukwa cha kumene amapembedza.

Khadi la chipani lidalowa m'midzi imeneyi monga chinthu chobisa. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa m'chaka cha 1953 anthu a dziko lino asakufuna, ndipo alimi adali okwiya kale ndi malamulo a malimidwe, amene ankalipitsa kapena kumangitsa munthu chifukwa cha kaunde ka mizere m'munda mwake momwe. Dr. Hastings Kamuzu Banda atafika pa 6 Julayi 1958, nthambi za Nyasaland African Congress zidachuluka msanga m'chigawo cha pakati. Koma pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, nathetsa chipanicho. Dr. Banda adatumizidwa ku ndende ya Gwelo, anthu oposa 1,000 adamangidwa, ndipo oposa 50 adaphedwa. Kuyambira tsiku limenelo kukhala wa Kongeresi udali mlandu, ndipo kapepala kamene dzulo lake munthu ankaonetsa monyada kadasanduka umboni womumangitsa. Bungwe la Devlin, limene boma la Britain lidatumiza kudzafufuza, lidapeza kuti m'masiku amenewo kudali koopsa ngakhale kungonena poyera kuti munthu akugwirizana ndi Kongeresi.

Apa m'pamene mnansi adayamba kuopedwa. Msilikali wochokera kutali sakadadziwa nyumba imene muli khadi. Wodziwa adali wa pafupi. Munthu woganiziridwa kuti amanong'oneza kwa atsamunda ankatchedwa kapirikoni, dzina lochokera ku bungwe la Capricorn Africa Society, ndipo dzinalo likammatirira munthu, kulichotsa kudali kovuta koposa kuchotsa chitedze pa thupi.

Zinthu zidatembenuka m'miyezi yowerengeka. Orton Chirwa ndi Aleke Banda adayambitsa Malawi Congress Party m'chaka chomwecho cha 1959, Dr. Banda adamasulidwa pa 1 Epulo 1960, ndipo pa chisankho cha pa 15 Ogasiti 1961 chipanicho chidapambana kotheratu. Khadi lidatuluka pobisika. Tsopano wokayikiridwa adali amene alibe. Dziko lidalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo m'chaka cha 1966 malamulo adakhazikitsa kuti chipani chikhale chimodzi chokha. M'chaka cha 1971 Dr. Banda adakhala Pulezidenti wa Muyaya.

Omvera achikulire akumbukira mmene zinthu zitatu zija zidakhalira m'zaka zotsatira. Chithunzi cha Ngwazi chinkapachikidwa m'maofesi, m'masukulu ndi m'masitolo, kuchokera m'magolosale a ku Mponela ndi Madisi mpaka ku Malomo ndi pa boma la Ntchisi, ndipo panalibe chithunzi china, kalendala kapena wotchi zimene zikadaloledwa kukhala pamwamba pake. M'nyumba za aphunzitsi, akalaliki ndi alimi a fodya opeza bwino chinkakhalanso pa malo aulemu. Ngakhale mmphawi wopanda chithunzi ankayenda nayo nkhope yomweyo m'thumba, pakuti idali pa ndalama. Ndipo pamene ndalama zatsopano zidabwera m'chaka cha 1971, zidatchedwa kwacha ndi tambala, mawu amene adali kale mfuu ndi chizindikiro cha chipani. Munthu wogula mchere ankatchula chipani osadziwa.

Khadi linkagulidwa chaka ndi chaka. Mtengo wake udali waung'ono, koma mphamvu yake idali yaikulu, chifukwa anyamata a malaya ofiira, amene anthu ankawatcha ayufi, ankaima pa chipata cha msika ndi pokwerera basi, ndipo nthawi zina ngakhale pa njira ya ku chipatala, kufunsa khadi. Panali malo amene mayi ankauzidwa kugulira khanda la kumsana, ngakhalenso mwana amene asadabadwe. Ogulitsa makhadiwo sadali alendo. Tcheyamani wa nthambi adali munthu wa m'mudzi momwemo, mwina mlamu, mwina malume, ndipo mnyamata wa malaya ofiira adali mwana amene amayi a pa mudzipo adamlera pa miyendo pawo.

Koma chimene chidalowa mozama m'nyumba ndi nsalu. Kwa Achewa mbumba ndi alongo a munthu pamodzi ndi ana awo, ndipo nkhoswe ndi mwamuna wa kuchikazi amene amawayang'anira, kuwaimira pa milandu ndi kuwateteza ngakhale kwa amuna awo. Dr. Banda adatenga mawu awiriwa nawalowetsa m'ndale: amayi onse a m'dziko adakhala mbumba yake, iye nkhoswe yawo yoyamba. M'dziko la chikamwini ngati la Dowa ndi Ntchisi, kumene mwamuna nthawi zambiri amakhala pa mudzi wa mkazi wake, mawu amenewa adali olemera. Mayi akaitanidwa kukavina pamaso pa Ngwazi, atavala nsalu yokhala ndi nkhope yake, mwamuna sakadamletsa, pakuti mkamwini salimbana ndi nkhoswe. Nsaluyo inkachapidwa ndi kuyanikidwa pa bwalo, pamaso pa onse, ndipo chingwe chopanda nsalu yotere chinkaoneka.

Kunena kuti anthu onse a m'mapiriwa ankachita zimenezi mokakamizidwa kungakhale kunama. Ambiri adamkonda Kamuzu ndi mtima wonse. Adali mwana wa ku Kasungu, boma loyandikana nawo, adathyola Chitaganya, m'nthawi yake Chichewa chidakhala chiyankhulo cha dziko m'chaka cha 1968, likulu lidasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, ndipo bwalo lalikulu la ndege lidamangidwa ku Lumbadzi, pa khomo penipeni pa Dowa. Koma popeza wokonda ndi woopa onse ankapachika chithunzi chimodzi ndi kunyamula khadi limodzi, zizindikirozo zidaleka kunena za mu mtima. Anansi adaphunzira kucheza za mvula, za mitengo ya fodya ndi za matenda a ng'ombe, n'kusiya zina. Wotsegula wailesi ya kunja ankatsitsa mawu, ndipo mnzake wodutsa pa zenera ankachita ngati sadamve. Mtendere wambiri wa m'zaka zimenezo udali wotere, wa kusaona dala. Udali wosalimba, chifukwa mkangano wamba wa malire a munda kapena wa mbuzi yodya chimanga ukadatha kusanduka mlandu woopsa ngati mmodzi akadapita kwa tcheyamani kukanena kuti mnzake wanyoza Ngwazi. Chipani chinkaphunzitsa ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo munthu wonenezedwa kuti waswa imodzi mwa izo analibe bwalo lodzitetezera.

Panali anthu amene kusaona dala sikukadawapulumutsa. A Mboni za Yehova amakhulupirira kuti Mkhristu sayenera kulowa chipani cha ndale chilichonse. Msonkho ankakhoma, koma khadi ankakana kugula, ndipo m'mudzi mmene tcheyamani ankadziwa khomo lililonse, kukana kotero sikukadabisika. Chiwawa chidayamba m'chaka cha 1964. Mu Okutobala 1967 boma lidaletsa mpingowo. Mu Sepitembala 1972 msonkhano waukulu wa chipani umene udachitikira ku Zomba udagamula kuti a Mboni achotsedwe ntchito, aletsedwe malonda, ndipo a m'midzi apirikitsidwe. Zotsatira zake zidali zoopsa, makamaka m'chigawo cha pakati: nyumba ndi nkhokwe zidatenthedwa, anthu adamenyedwa, amayi adagwiriridwa, ena adaphedwa. Anthu pafupifupi 20,000 adathawira ku Sinda Misale, m'chigawo cha kum'mawa cha Zambia, kumene ambiri, makamaka ana, adafa ndi matenda. Atabwezedwa kuno, adathawiranso ku Mlangeni, m'dziko la Mozambique, ndipo pamene dzikolo lidalandira ufulu m'chaka cha 1975, ambiri adabwezedwanso.

Chofunika kuchiona apa n'chakuti chigamulo cha 1972 chidakhudza zinthu zomwe zija zimene mikangano ya mpingo ndi dambwe idazisiya. Munthu adachotsedwa pa munda wa makolo ake, pa msika ndi pa mudzi. Ndipo ngakhale lamulo lidachokera kumwamba, manja amene adayatsa udzu wa denga nthawi zambiri adali odziwika kwa mwini nyumba. Si onse adachita nawo; padali mafumu ndi anansi amene adachenjeza anzawo kapena kuwabisa. Koma iwonso ankadziwa kuti wozimira mnzake ndevu m'masiku amenewo akadatha kupsa nazo zake.

Munthu wopatuka pa msewu waukulu wa ku Kasungu kulowera ku boma la Dowa amadutsa pa Dzaleka. Malo amenewa adali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo dzina lake limamveka ngati lonjezo la munthu wolangidwa, lakuti sadzachitanso. Kumapeto kwa chaka cha 1975 a Mboni zikwi zingapo, amuna ndi akazi, ena ndi makanda awo, adatsekeredwa kumeneko. Ku Dzaleka ndi kokwera ndi kozizira. Ntchito idali yakalavula gaga, ndipo ana ambiri sadatulukemo amoyo. Anthu a midzi yozungulira ankaona magalimoto akulowa, ndipo nkhani ya zimenezi siinkakambidwa pa bwalo.

Pepala lina loopsa lidalowa m'nyumba m'chaka cha 1992. Pa 8 Malichi kalata ya maepiskopi a Chikatolika idawerengedwa m'matchalitchi awo onse, kuphatikizapo a ku Madisi, Mtengowanthenga ndi Mpherere. Inkanena za umphawi, za kumangidwa kwa anthu popanda kuzengedwa mlandu, ndi za mantha amene adatseka anthu pakamwa. Boma lidati ndi kalata youkira, ndipo kupezeka nayo udakhala mlandu, monga momwe khadi la Kongeresi lidaliri zaka 33 m'mbuyomo. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lumbadzi. Mipingo yambiri idaima ndi maepiskopi, koma atsogoleri a Sinodi ya Nkhoma, imene ndiyo mwini wa Mvera ndi Kongwe, sadatsagane nawo. Motero m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi kusiyana kwa ndale kudagwera pamwamba pa kusiyana kwa mipingo, ndipo anthu oyendera limodzi pa njira Lamulungu m'mawa ankakamva zosiyana.

Dr. Banda adavomera riferendamu mu Okutobala 1992. Zizindikiro zidali ziwiri: tambala wakuda wa ofuna chipani chimodzi, ndi nyali ya ofuna zipani zambiri. Zonsezi ndi zinthu za pakhomo, ndipo nyumba zambiri zidali ndi tambala m'khola ndi nyali pa tebulo. Pa msewu ena ankakweza chala chimodzi, ena ziwiri. Poyamba boma lidafuna kuti pakhale mabokosi awiri, koma otsutsa adakana, podziwa kuti m'mudzi bokosi limene munthu walunjika silingabisike. Mapeto ake bokosi lowerengedwa lidakhala limodzi, ndipo aliyense ankasankha ali yekha pakati pa mapepala awiri. Chinsinsi chimenecho chidapulumutsa maubale ambiri, pakuti mkamwini akadatha kusankha nyali, madzulo n'kudya nsima ndi apongozi a tambala popanda wofunsa mnzake. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse m'dziko lonse adasankha zipani zambiri. Chigawo cha pakati chidasankha tambala, ndipo Dowa ndi Ntchisi adali m'gulu la maboma amene adatero mwamphamvu. Wosankha nyali kumeneko adapambana m'dziko koma adali mwa ochepa pa mudzi pake, ndipo nzeru idali kukondwera cha mumtima.

Chiletso cha a Mboni chidachotsedwa pa 12 Ogasiti 1993. Mu Disembala asilikali adalanda zida za apayoniya. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi wa UDF adapambana, ndipo Dr. Banda adavomera kugonja kudzera pa wailesi. Malamulo atsopano a dziko adanena momveka kuti munthu asakakamizidwe kulowa bungwe lililonse. Zithunzi za Ngwazi zidatsitsidwa m'maofesi, koma m'nyumba zambiri za m'mapiriwa zidatsala pa khoma pomwepo, ndipo maboma awiriwa adapitiriza kusankha aphungu a Kongeresi. Chithunzicho chidali chomwecho, msomali womwewo, koma kwa nthawi yoyamba chidayamba kunena zoona za mwini nyumba, popeza tsopano akadatha kuchichotsa.

Kuyambira pamenepo mitundu idachuluka. Padabwera chikasu cha UDF, pambuyo pake mtundu wa mtambo wa DPP kuyambira 2005, ndi wa lalanje wa People's Party. Nyengo ya kampeni ikafika mbendera zimakwezedwa pa nsungwi ndi m'mitengo ya m'misika, ndipo mikangano yambiri ya anyamata imayambira pa funso lakuti wazula mbendera ndani. Nsalu tsopano zimagawidwa ulere, ndipo mayi mmodzi angathe kukhala ndi za zipani zitatu: ina yoberekera mwana, ina yophimbira ufa, ina ya kumunda. Andale ena amaona ngati kumeneko ndi kusakhulupirika, koma kwa mayi amene amayi ake adavina mokakamizidwa, nsalu yopanda lamulo ndi nsalu basi. Chimene anthu sakondwera nacho ndi chipani chikafuna kulanda maliro, akuluakulu ake n'kusandutsa mawu a chipepeso kukhala msonkhano. Pamenepo ngakhale a chipani chomwecho amang'ung'udza, chifukwa pa siwa pamagona anthu a mitundu yonse, ndipo manda amakumbidwa ndi anyamata amene dzulo lake ankalimbirana mtengo wa mbendera.

Dzaleka idasanduka msasa wa anthu othawa kwawo m'chaka cha 1994, ndipo kumene kunkatsekeredwa Amalawi okana khadi kudayamba kufika anthu a ku Rwanda, Burundi ndi Congo, ambiri mwa iwo othawa anansi awo. Amalawi amene adathawa kapena kumangidwa m'nthawi ya chipani chimodzi adapatsidwa bwalo lapadera la chipukuta misozi, National Compensation Tribunal, limene malamulo adalipatsa zaka khumi zokha. Lidatsekedwa anthu zikwi zambiri asadalandire zonse zimene adalonjezedwa. Bwalo limenelo linkaweruza za zolakwa za boma. Za munthu amene adabwerera kwawo patapita zaka makumi awiri, napeza wina akulima munda wake, ndipo amene adayatsa nyumba yake ali mkulu wolemekezeka pa mudzi, zidatsalira nyakwawa, ankhoswe ndi eni mbumba. Ena adabwezeredwa minda, ena adapatsidwa malo ena kumphepete, ndipo ena adaona kuti n'kwabwino kukayamba mudzi watsopano kwina.